NZERU ZA PAKHOMO: Muyambe mwawerengera musanalumikize batire

Kuno kwa Malama mwezi wa Okutobala ndi nthawi imene udzu wa padenga umauma gwa, kotero kuti kanthethe kamodzi kangathe kusandutsa nyumba phulusa. Chaka chatha, m'mwezi womwewu, mnansi wanga anatsala pang'ono kugona pamtetete. Mwana wake anabwera kuchokera ku Chipata ndi inveta pamodzi ndi nsimbi ya magetsi, nazilumikiza ku batire la sola ndi waya wowonda wa wailesi. Malaya asanawongoke n'komwe, pulasitiki wa pa waya anasungunuka, utsi uli tolotolo. Mwayi wake mayi wa pakhomopo anamva fungo msanga.

Mnyamatayo anadandaula kuti anamugulitsa katundu wachinyengo. Koma katunduyo analibe mlandu. Chimene chinasowa ndi masamu ochepa, amene ndifuna tiwaonere limodzi lero.

Taganizani za thanki ya madzi yoikidwa pamwamba. Kukankha kwa madziwo kuli ngati mavolti. Kuchuluka kwa madzi oyenda m'paipi kuli ngati maampu. Kupanikiza kwa paipi, kumene kumaletsa madzi kuyenda momasuka, kuli ngati maohmu. Mphunzitsi wina wa ku Germany, Georg Ohm, ndiye anafalitsa m'chaka cha 1827 lamulo lomanga zitatuzi pamodzi: mukagawa mavolti ndi maampu, mupeza maohmu. Lamulo lachiwiri ndi ili: mukachulukitsa mavolti ndi maampu, mupeza mawati, ndiyo mphamvu imene chipangizo chimadya.

Tiyese ndi babu la galimoto. Batire ndi la mavolti 12, ndipo mita yoyezera yasonyeza kuti babulo likukoka maampu 2. Gawani 12 ndi 2: babulo lili ndi maohmu 6. Chulukitsani 12 ndi 2: likudya mawati 24. Masamu ake athera pomwepa.

Tsopano tibwerere ku nsimbi ija. Pansi pake panalembedwa mawati 1,000. Ku Chipata, kumene magetsi a ZESCO amafika m'nyumba ndi mavolti 230, nsimbi yotere imakoka maampu anayi ndi pang'ono, pakuti 1,000 kugawa ndi 230 ndi 4.3. Koma batire lathu lili ndi mavolti 12 okha. Kuti lipereke mawati 1,000 omwewo, liyenera kutulutsa maampu oposa 83, osawerengera mphamvu imene inveta imataya yokha. Mtsinje wonsewo unayenera kudutsa m'kawaya kopangidwira wailesi.

Apa ndiye pali ngozi. Waya aliyense ali ndi maohmu ake, ndipo wowonda ndi wautali ali nawo ambiri. Kutentha kwa waya sikukwera mofanana ndi maampu ayi: maampu akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Choncho kuchoka pa maampu 2 kufika pa 80, komwe ndi kuwirikiza ka 40, waya yemweyo amatulutsa kutentha kowirikiza ka 1,600. Kodi pulasitiki angapirire zotere?

Masamu omwewa atiuzanso kuti batire litisunga nthawi yotani. Batire lolembedwa 100Ah, tikachulukitsa ndi mavolti 12, limasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi. Koma batire la asidi silifuna kukamidwa mpaka kuuma. Kuti likhalitse, tigwiritse theka lokha, ndiye 600. Mababu atatu a LED a mawati 5 lililonse amadya 15 pamodzi, ndipo angayake maola 40 pa theka limenelo. Nsimbi ija ingalimalize pa mphindi 36. Bambo ndi mayi aweruze okha chofunika n'chiti: kolala yowongoka kapena kuwala koti ana awerengere mayeso sabata yathunthu. Nsimbi ya makala sinatithawe.

Nanga fyuzi? Iye ndi mlonda amene amalola kufa kuti nyumba ipulumuke. Ngati wailesi yakanema ndi mababu zikudya mawati 60 pamodzi, gawani ndi 12: maampu 5. Fyuzi ya maampu 7.5 ikwanira, ndipo iikidwe pafupi ndi batire. Ikapsa, funani chifukwa chake. Kuikapo msomali kapena kachitsulo m'malo mwake n'chimodzimodzi kuthamangitsa mlonda chifukwa wakuwa kuti kuli mbala.

Pempho langa ndi ili: musanagule chipangizo chilichonse, chitembenuzeni muwerenge mawati ake, mugawe ndi 12. Yankho likaposa 10, musalumikize nokha. Funsani mmisiri wa magetsi za kukula kwa waya, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo ngati masamu akukuvutani, itanani mwana wa kusekondale, mumupatse pensulo. Adzakondwa kuona kuti zimene amaphunzira zateteza denga la makolo ake.

Tidzakumanenso mwezi wamawa.