Kodi Mlembi Azingodikira Osindikiza Mabuku?

Ophunzira ambiri okonda nkhani zamchezo ndi zolembedwa ali ndi kope lobisa limene salionetsa wina aliyense. M'menemo muli ndakatulo, nthano zifupizifupi, mwinanso chiyambi cha nthano yaitali. Akalimba mtima amafunsa aphunzitsi kuti, "Nanga ndikamaliza, buku langa lituluka bwanji?" Yankho loona n'lakuti kulemba ndi ntchito ina, kupeza wosindikiza ndi ntchito inanso, ndipo pakati pa ziwirizi pamatha kudutsa zaka zambiri. Ndiye m'zaka zimenezo mlembi azitani? Maganizo anga ndi akuti asapinde manja. Agwire luso lina, kaya zisudzo, kaya kanema, kaya nyimbo, bola asataye buku lake. Kuti mfundoyi imveke, tiyeni tione moyo wa mayi Tsitsi Dangarembga, mlembi wa ku Zimbabwe.

Mayi Dangarembga adabadwa m'chaka cha 1959 ku Mutoko. Adapita ku Cambridge kukaphunzira zaudokotala koma sadamalize, ndipo adabwerera kwawo mu 1980, chaka chimene Zimbabwe idalandira ufulu. Ali pa University of Zimbabwe adalowa gulu la zisudzo. Kumeneko adaona kuti masewero amene ankachitika adalibe mbali zomveka za amayi achikuda, choncho adayamba kulemba masewero awoawo. Limodzi mwa iwo, She No Longer Weeps, lidasindikizidwa ku Harare mu 1987. Nthawi yomweyo n'kuti atalemba nthano yaitali yotchedwa Nervous Conditions, nkhani ya mtsikana Tambudzai amene akulima chimanga n'kumagulitsa kuti apeze fizi, chifukwa kwawo ndalama yasukulu aisungira mwana wamwamuna.

Makampani anayi osindikiza mabuku ku Zimbabwe adalikana bukuli. Anayi, osati imodzi! Wina akadangoti basi, ndilibe luso, n'kuyatsira moto mapepalawo. Iwo adalitumiza ku London, ku The Women's Press, kampani imene inkasindikiza mabuku olembedwa ndi amayi, monga The Color Purple la Alice Walker. Bukulo lidatuluka mu 1988, ndipo lidakhala nthano yaitali yoyamba ya m'Chingerezi yolembedwa ndi mayi wachikuda wa ku Zimbabwe. Mu 1989 lidapata mphoto ya Commonwealth Writers' Prize m'chigawo cha Africa. Mawu ake adali omwewo amene ena adawakana. Chidasintha ndi khomo limene mlembi adagogoda.

Apa pali phunziro loyamba. Wosindikiza akakana buku, sikuti nthawi zonse waona kuti n'loipa. Iye ndi munthu wamalonda, amawerengera mtengo wa mapepala ndi inki, ndipo amadzifunsa kuti adzagula ndani. Kuno kwathu nkhaniyi tikuidziwa bwino: makampani ambiri amathamangira mabuku amene alowa m'silabasi chifukwa ndiwo ali ndi msika wotsimikizika. Mlembi watsopano amene nthano yake sili pa mndandanda wa sukulu amakhala kumapeto kwa mzere.

Tsono taonani zimene mayi Dangarembga adachita buku lija litatchuka. Anthu ankayembekeza buku lachiwiri chaka chotsatira. Iwo mu 1989 adanyamuka ulendo wa ku Berlin kukaphunzira kupanga makanema. Ndiwo adalemba nkhani imene idasanduka kanema wa Neria, amene ambiri kuno adamuonera ndipo amakumbukira nyimbo yake ya Oliver Mtukudzi. Nkhani yake ndi ya mayi wamasiye amene akuchimuna akumulanda chuma, vuto limene silachilendo m'midzi ndi m'matauni mwathu. Mu 1996 adatsogolera kujambula kanema wa Everyone's Child, wonena za ana amene makolo awo adamwalira ndi Edzi. Buku lachiwiri, The Book of Not, lidadzatuluka mu 2006, patapita zaka 18. Lachitatu, This Mournable Body, lidatuluka mu 2018, patapitanso zaka 12.

Otsutsa maganizo anga ali ndi poyambira pamenepa. Adzati, "Mwaona? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Akadakhala pansi n'kumangolemba, bwenzi tili ndi mabuku khumi, osati atatu m'zaka 30." Mfundoyi si yoinyoza. Nthano yaitali imafuna mtima umodzi ndi nthawi yochuluka, pamene kanema amadya nthawi ndi ndalama zomwe. Wopanga kanema amatha miyezi akulemba makalata opempha thandizo m'malo molemba nkhani. Ndipo alipo anyamata ndi atsikana amene amayamba sewero lero, mawa nyimbo, mkuja ndakatulo, osamaliza n'chimodzi chomwe. Oterowo mwambi wa pusi uja ukuwakhudzadi.

Komabe ine ndikuti mwambiwo sukuwakhudza mayi Dangarembga, pa zifukwa zitatu.

Choyamba, iwo sadasinthe nkhani, adangosintha chotengera. Tambudzai, Neria ndi ana amasiye aja onse akufunsa funso limodzi: kodi mkazi ndi mwana ali ndi malo otani pabanja ndi m'dziko? Madzi ndi omwewo, kaya mwatunga mu mtsuko kaya mu ndowa. Ndipo kanema adafika kumene buku silikadafika. Agogo amene sadziwa kuwerenga Chingerezi adamumvetsa Neria popanda womasulira, chifukwa kulanda katundu pamaliro kumaoneka ndi maso.

Chachiwiri, luso lina limanola linzake. Wolemba masewero amaphunzira kuti mpangankhani aliyense aziyankhula mwa iye yekha, pakuti pabwalo la zisudzo palibe mfotokozankhani womuthandiza. Wopanga kanema amaphunzira kuonetsa m'malo mongofotokoza. Mu Nervous Conditions Tambudzai akudzifotokozera yekha nkhani yake, kunena kuti "ine". Mu This Mournable Body mlembi akumuitana kuti "iwe", ngati munthu amene waima pambali n'kumadziyang'ana. Ine ndimaona diso la kamera pamenepo. Mlembi amene adangokhala pa desiki mwina sakadaiganiza njira imeneyi.

Chachitatu, kudikira chabe kumapha mtima. Musaganize kuti munthu akatchuka ndiye kuti makomo onse atseguka. Buku lachitatu lija nalonso lidasowa wolisindikiza kwa nthawi, mpaka mlembi adayamba kuika zidutswa zake pa Facebook. Mkonzi wa mabuku Ellah Wakatama adaziona n'kuthandiza kuti lipeze njira. Lidasindikizidwa ndi Graywolf Press ku America, ndipo mu 2020 lidalowa m'gulu la mabuku 6 omaliza opikisana pa mphoto ya Booker. Mlembi amene m'zaka zonsezo akadangoyang'ana kunjira kudikira kalata ya wosindikiza, kodi akadakhalabe ndi mphamvu yolemba? Ntchito zina zija ndizo zidasunga dzanja lake kuti lisaume.

Nkhaniyi si ya ku Zimbabwe kokha. Malemu Steve Chimombo, amene adaphunzitsa ku Chancellor College, adalemba ndakatulo za Napolo, sewero la The Rainmaker ndi nthano, ndipo adayambitsa magazini ya zaluso ya WASI. M'malo modandaula kuti malo osindikizira ndi ochepa, adatsegula ena, ndipo olemba anzawo adapindula nawo.

Ndiye kwa inu amene muli ndi kope lija, langizo langa n'lotere. Malizani kaye chimene mwayamba, chifukwa wosindikiza sangakane kapena kuvomera buku limene kulibe. Mukamaliza, fufuzani amene amasindikiza nkhani za mtundu wanu musanatumize, ndipo musunge kope lina kunyumba. Mukatumiza musakhale pakhonde kuwerenga masiku. Lowani kalabu ya zisudzo pasukulu panu, lakatulani ndakatulo pa asembule, tumizani nthano yaifupi ku nyuzipepala kapena ku wayilesi. Mukamva anzanu akuseka pamene simumafuna kuti aseke, mwaphunzira chinthu chimene palibe buku likadakuuzani. Chimene ndikukana n'chimodzi: kutenga luso latsopano ngati pothawira buku likavuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma wodekhayo akhale ndi khasu m'manja.

Mafunso

1. Tchulani zifukwa zitatu zimene mlembi wapereka poikira kumbuyo maganizo ake.
2. Kodi mwambi wa pusi wagwiritsidwa ntchito pothandiza mbali iti ya mtsutsowu? Fotokozani.
3. Siyanitsani mfotokozankhani wa mu Nervous Conditions ndi wa mu This Mournable Body.
4. Lembani ndime imodzi yotsutsa kapena kuvomereza mfundo yakuti luso lina limanola linzake.