Sikelo ya Chinthu Chosaoneka

Anzanga a pamsika, lero ndikambe za sikelo, koma osati ya pabenchi panupo ayi. Iyi ndi ya akatswiri a sayansi amene akufuna kuyeza katundu amene maso sangamuone.

Nkhani yake ili chonchi. Mu 1933, Fritz Zwicky anaona kuti magulu a nyenyezi akuthamanga kwambiri, moti akadayenera kumwazikana kalekale. M'zaka za m'ma 1970, mayi Vera Rubin anapezanso zofanana. Ndiye kuti kuli chinachake cholemera chimene chikuzigwira pamodzi, ngakhale sichiwala. Anachitcha dark matter. Akatswiri amati pa zinthu 100 zilizonse zolemera m'chilengedwe, pafupifupi 85 ndi zimenezi. Ine, inu, dzuwa ndi matumba onse a chimanga tili mu 15 yotsalayo. Mwamva?

Kwa zaka zambiri ankasaka tizidutswa tolemera. Ku South Dakota, ku America, kuli makina a LUX-ZEPLIN okhala ndi matani 10 a xenon wamadzimadzi, pansi pa nthaka. Akudikira kuti kachidutswa kamenye atomu ya xenon n'kutulutsa kuwala. Mpaka pano sanakagwire.

Nanga ngati kachidutswako n'kopepuka zedi? Apa inu mukudziwa bwino. Njere ya mchere simungaiyeze pa sikelo ya matumba, singano siyenda. Mtedza ukamenya lole, lole sigwedezeka. Koma mtedza womwewo ukagwera pa ng'oma, ng'oma imalira.

Ng'oma ya asayansi ndi miyala yoyera ngati galasi. A CRESST, pansi pa phiri la Gran Sasso ku Italy, amaziziritsa miyala yotere kufika pafupifupi madigiri 273 pansi pa ziro. Pamenepo maatomu amakhala phee. Kanthu kakagunda, mwala wonse umanjenjemera pang'ono, kunjenjemera kumene amakutcha phonon, ndipo kachipangizo kamamva kutenthako. A SENSEI amagwiritsa silikoni wonga wa m'kamera ya foni yanu, amene amatha kuwerenga elekitironi imodzi imodzi. Gulu la SuperCDMS linasankha mgodi wa ku Sudbury, ku Canada, makilomita 2 pansi, kuti thanthwe litchinge cheza chochokera kumwamba.

Vuto n'lakuti sikelo ikamva kwambiri, imamvanso mphepo. Makina ambiri otere akhala akulemba timagundidwe tochuluka timene si dark matter. Tina timachokera m'mwala momwemo, ukamamasuka pamene waumirizidwa ndi zougwirira.

Ndiye pali nkhani ya DAMA. Kuyambira cha m'ma 1998, gulu limeneli ku Gran Sasso lakhala likunena kuti likuona chizindikiro chimene chimakwera ndi kutsika chaka chilichonse. Anzawo sanangowomba m'manja. A ANAIS ku Spain ndi a COSINE ku South Korea anatenga mwala wa mtundu womwewo, sodium iodide, n'kuyezanso. Chizindikirocho sanachione.

Ine chimene chimandisangalatsa n'chimenechi. Anthuwa awononga ndalama ndi zaka zawo, koma amaimirira pagulu n'kunena kuti sitinapeze, ndipo amalola mnzawo kuyeza katundu wawo pa sikelo ina. Wogulitsa woona sakwiya kasitomala akati tiyezenso apo. Amene amakwiya, mudziwe kuti pansi pa mbale pali kanthu.

Tionana sabata yamawa, malonda ayende.