Napolo ndi dragon m'kalasi la Chingerezi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndikufuna tikambirane za mawu a Chingerezi otchula zilombo za m'nthano, monga dragon, mermaid ndi phoenix. Ambiri a ife timangowadumpha. Ena amati n'kutaya nthawi chifukwa sabwera pa mayeso a MSCE. Enanso amaopa kuti makolo anganene kuti tikuphunzitsa za satana. Ine ndikuti tiwaphunzitse basi.

Choyamba, mawuwa sanatsalire m'nthano ayi. Nsato pa Chingerezi ndi python, dzina la chinjoka chimene Agiriki akale ankati chinaphedwa ndi Apollo ku Delphi. Kulira kwa ambulansi ndi siren, ndipo ma siren enieniwo anali zilombo zimene zinkakopa amalinyero ndi nyimbo mpaka ngalawa kusweka pamiyala. Kanyama kam'madzi kotchedwa hydra, kamene timakapeza mu Bayoloji, kanatenga dzina la chinjoka cha mitu yambiri. Ukadula mutu umodzi pankamera iwiri, ndipo kanyamakonso ukakadula kamaphukanso. Sitima ya Titanic, imene inamira mu 1912, dzina lake linachokera kwa ziphona zotchedwa Titans. Nanga nyuzipepala ikalemba kuti timu yadzuka ngati phoenix, mwana angamve bwanji ngati sadziwa za mbalame imene inkapsa n'kudzukanso m'phulusa lake? Mwana wodziwa nthanoyo saloweza mawu, amangowakumbukira.

Chachiwiri, ifenso tili nazo zilombo zathu, ndipo ndi poyambira pabwino. Madzi atasefukira ku Zomba mu 1946, ndiponso ku Phalombe mu 1991, anthu anati Napolo wadutsa. Ndiye tisamangolemba pabolodi kuti dragon ndi chinjoka n'kupitirira. Tiwauze ana kuti dragon wa ku Ulaya ali ndi mapiko ndipo amalavula moto, ndipo pa mbendera ya Wales pali wofiira. Wa ku China amalamulira madzi ndi mvula, ndipo anthu amati amabweretsa mwayi. Kenako tiwafunse kuti Napolo akufanana ndi uti, afotokoze m'Chingerezi. Tichitenso chimodzimodzi ndi zombie ndi ndondocha. Mudzaona kuti ngakhale aja okhala phee kumbuyo akukweza mkono, chifukwa nkhaniyo ndi ya agogo awo.

Za mantha a satanazo, ndinene mosapsatira kuti kudziwa dzina la chinthu sikuchipembedza. Tonsefe tinakula ndi nthano za Kalulu wolankhula, koma palibe anapita kutchire kukamupatsa moni.

Choncho teremu ino tipatuleko piriyodi imodzi yokha. Ana abwere ndi chilombo cha kwawo, ife tibwere ndi cha m'dikishonale, tikumane pakati.