Nyumba Yokhoma Nayonso Ili ndi Msonkho Wake

Mwezi uno ndifuna tikambirane nkhani imene ikugwetsa misozi m'mabanja ambiri, makamaka pakati pa amai amasiye. Masiku apitawa mai wina wa mu mphakati wathu anadza kwa ine ndi kalata yocokera ku khonsolo. Amuna ao anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, nasiya kanyumba kena m'tauni. Anaikhoma nyumbayo poyembekeza kuti ana akakula adzakhalamo. Lero kalata ikuti pali ngongole ya zaka zonsezo. Maiyo anandifunsa kuti, “Aphunzitsi, ndilipirenji pamene simugona munthu?”

Funso limeneli ndi la anthu ambiri, ndipo gwero lake ndi lakale. M'caka ca 1996 boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za khonsolo kwa anthu amene anali kukhalamo. Tinakondwera kukhala eni nyumba, koma ocepa okha ndiwo anauzidwa kuti umwini uli ndi katundu wake. Amene kale anali kulipira lendi cabe anasanduka olipira msonkho.

Misonkho yake ili itatu, ndipo tisaisokoneze. Woyamba ndiwo wa ku khonsolo, umene ambiri aucha ma rates. Lamulo louyendetsa tsopano ndi Rating Act la 2018, limene linalowa m'malo mwa la 1997. Khonsolo iyesa mtengo wa malo ndi nyumba, niulemba m'buku lake, ndipo msonkho uwerengedwa pa mtengowo. Suwerengedwa pa mitu ya anthu ogonamo. Cotero nyumba yokhoma, nyumba ya lendi ndi nyumba yaciwiri, zonse zifika pa dzina la mwini wake. Amene aona kuti mtengo wolembedwawo wapitirira ali ndi ufulu wodandaula, ndipo pali bwalo la Rating Valuation Tribunal lomva madandaulo otere.

Waciwiri ndi ground rent, umene upita ku unduna woona za malo. Mwa lamulo la malo la 1995, dziko lonse lili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a m'Zambia, ndipo amene ali ndi mapepala a malo angobwereka, kawirikawiri kwa zaka 99. Kulipira ku khonsolo sikufafaniza ngongole ya ku undunako.

Wacitatu ukhudza amene aika anthu a lendi m'nyumba zao. Kale wokhala m'nyumba ndiye anali kudula 10 peresenti pa lendi ndi kuitumiza ku Zambia Revenue Authority. Kuyambira mu January 2022 udindowo unaikidwa pa mwini nyumba, kuti iye yekha aulule ndalama zimene alandira, nalipire msonkho wake. Mwini nyumba amene aganiza kuti zikali monga kale adzipusitsa yekha.

Tisaganize kuti ndife tokha ovutika. Ku England, kumene ana athu ena agwira nchito, makhonsolo analoledwa kuyambira mu April 2025 kulipiritsa msonkho wowirikiza kawiri pa nyumba yaciwiri, cifukwa nyumba zikhala zokhoma pamene mabanja asowa pogona.

Nanga ticitenji? Akulu anati safunsa anadya phula. Pitani ku khonsolo ndi nambala ya puloti yanu mukafunse ngongole imene ilipo, osayembekeza kalata. Ngati ndalama zacepa, pemphani kuti muzilipira pang'onopang'ono, pakuti ngongole ikakula khonsolo ikhoza kutumiza anthu odzanyamula katundu. Malisiti onse muwasunge pamodzi ndi mapepala a nyumba. Ngati mwaika munthu wa lendi, lembani pa pepala zimene mwapangana, ndipo mwezi uliwonse patulani kandalama ka msonkho musanadye zotsalazo.

Kwa inu azibambo ndinena mosabisa: uzani akazi anu ndi ana anu akulu za nyumba zonse zimene muli nazo, ndi kumene mapepala ake ali. Mai uja sanadziwe kanthu cifukwa amuna ao sanawauzepo. Tsopano waika banja lina m'nyumbamo, ndipo lendi ya mwezi ndi mwezi ndiyo ikucepetsa ngongoleyo. Akadadziwa msanga, ndalama zomwezo zikadalipira sukulu ya ana.