Lenikoti Yabwino ndi Imene Mwini Wake Saisiya Kunyumba

M'mapulazi a ku Mashonaland, kuyambira ku Karoi ndi Banket mpaka ku Mvurwi, Bindura ndi Marondera, mvula imagwa kuyambira mu Novembala kufikira mu Malichi. Miyezi imeneyi ndi imenenso anthu amayenda kwambiri. Mlangizi wa zaumoyo amachoka komboni ina kupita ina kukazonda odwala, mlimi amakwera zitunda kusaka ng'ombe zosochera, ndipo ana a sukulu amayenda mtunda wautali m'mawa uliwonse. Ambiri mwa anthuwa ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene anabwera kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, ena mwa iwo wapansi kudzera ku Tete. Choncho mtunda sauopa. Chimene chimawavuta ndi chovala choyenda nacho pa mvula.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mlimi amaifuna mvula, koma thupi lake likanyowa kwa maola ambiri limazizidwa ndipo limafooka. N'chifukwa chake kugula lenikoti kumafuna nzeru monga kugula mbewu.

Anthu ambiri amaganiza kuti lenikoti yolemera ndiyo yabwino. Malenikoti okhuthala a pulasitiki ya PVC amatchingadi madzi, ndipo amathandiza munthu wogwira ntchito ataima malo amodzi. Koma wokwera phiri, monga la Domboshava kumpoto kwa Harare kapena mapiri a Great Dyke, amatuluka thukuta lambiri. Pulasitiki salola thukutalo kutuluka, motero munthu amanyowa m'kati ngakhale mvula isanamukhudze. Akafika pamwamba n'kuombedwa ndi mphepo, amayamba kunjenjemera. Mawa lake chovala cholemeracho amachisiya pa msomali, ndipo mvula ya masana imam'peza panjira alibe chodzitetezera.

Vutoli ndi lakale. Mu 1823, Charles Macintosh wa ku Scotland anapanga nsalu yokhala ndi mphira pakati, koma nayonso inkatentha ndi kununkha. Mu 1969, Bob Gore wa ku America anatulukira chinthu chopyapyala chokhala ndi timabowo ting'onoting'ono totchinga madontho a mvula koma tolola nthunzi ya thukuta kutuluka. Umu ndi mmene munachokera nsalu ya Gore-Tex. Zovala zatsopano za mtundu umenewu ndi zodula, koma nthawi zina zimapezeka pa kaunjika, amene ku Zimbabwe amati mabhero. Kwa anthu ambiri, jekete yopepuka ya nayiloni kapena poliyesita yomatidwa m'kati mwake imakwanira.

Wogula ayambe ndi kuipinda jeketeyo. Ikakana kulowa m'kachikwama pamodzi ndi mabuku ndi kamba wa paulendo, ndiye kuti siidzanyamulidwa tsiku ndi tsiku. Kenako aitembenuze n'kuyang'ana misoko, pakuti madzi amalowera m'mabowo a singano. Jekete yabwino imakhala ndi timizere tomatidwa pamwamba pa msoko uliwonse, makamaka m'mapewa ndi m'khosi. Ngati timizereto tikumatuka, kapena zomata za m'kati zikuyoyoka ngati gaga, chovalacho chatha ntchito ngakhale kunja chikuoneka chatsopano. Wogulitsa akalola, ndi bwino kuthira madzi pang'ono pa nsaluyo ndi kudikira kuti aone ngati akudutsa.

Chipewa cha jeketeyo chikhale ndi chingwe chomangira kuti mphepo isachivule, ndipo zipi ikhale yobisika ndi kansalu. Jekete ikhale yotakasuka kuti mpweya uziyenda ndiponso kuti juzi ikwane m'kati, koma isafike m'mapazi, poti yaitali imakola miyendo pokwera miyala. Malaya a thonje amasunga madzi ndipo amachedwa kuuma, pamene a poliyesita amauma msanga ndipo juzi ya ubweya imafundabe ikanyowa. Nsapato zikhale za mapazi a mphira okhala ndi mizere yozama, chifukwa miyala ya m'mapiriwa imaterera koopsa ikanyowa.

Pali zinthu ziwiri zimene alangizi ayenera kukumbutsa anthu m'makomboni. Choyamba ndi chakuti fodya wambiri amathyoledwa m'nyengo ya mvula yomweyi. Masamba onyowa ndi mame kapena mvula amatulutsa chikonga chimene chimalowa m'thupi kudzera pakhungu, n'kuyambitsa mutu, chizungulire, nseru ndi kusanza. Chovala chosalowa madzi pamodzi ndi magolovesi zimachepetsa vutoli, ndipo malaya onyowa ayenera kuvulidwa msanga. Chachiwiri ndi chakuti chovala chopoperera mankhwala sichiyenera kusanduka lenikoti ya paulendo kapena kubwereketsedwa kwa mwana wa sukulu. Mankhwala amatsalira pa chovala chotere. Thumba limene munali mankhwala ophera tizilombo kapena mbewu yothiridwa mankhwala lisabooledwe kuti livalidwe, ngakhale litatsukidwa.

Lenikoti, ngakhale yodula bwanji, siteteza ku mphezi. Mabingu akayamba, woyenda atsike pamwamba pa phiri, apewe mtengo woima wokha ndi mipanda ya waya, ndipo afulumire kulowa m'nyumba yolimba.

Kasamalidwe nako n'kofunika. Jekete ichapidwe ndi madzi ozizira ndi sopo wochepa, iyanikidwe pa mthunzi, ndipo isapindidwe isanaume. Isayanikidwe pafupi ndi moto wa m'khitchini kapena pa ng'anjo ya balani ya fodya, chifukwa nayiloni imasungunuka. Pamene pang'ambika pamatidwe msanga bowo lisanakule. Ikasamalidwa chotero, jekete imodzi imatha kutumikira mwini wake nyengo zingapo za mvula, ndipo mlangizi amafika kwa odwala ake ali wouma ndi mabuku ake osanyowa.