Za Bango la Kilarineti

Anzanga a ku migodi, wina wandilembera kuti kilarineti yace ingolira ngati nkhuku, ndipo afuna kuigulitsa. Musafulumire, acimwene. Inenso ndinabvutika pamene ndinali pa nchito m'minda ya tii ku Chipinge, pafupi ndi nkhalango ya Chirinda. Ndinagula bango la nambala 4 poyesa kuti lolimba ndilo labwino, koma mlomo wa citoliro canga unali wotseguka kwambiri. Mpweya unandithera pakati pa nyimbo, pa ukwati wa eni ace! Mlomo wotseguka ufuna bango lofewa, la 2 kapena 2½. Wopanikiza ndiwo ufuna lolimba. Ndiponso ku Joni n'kouma, kulibe nkhungu ya ku Chirinda. Bviikani bango m'madzi mphindi ziwiri musanalize. Mukatha, lipukuteni ndi kuligoneka pagalasi kuti lisapindike.