Madontho awiri pakhomo: ndani ali ndi ufulu wokana?

Mu Meyi 2022 Unduna wa Zaumoyo ku Maputo unalengeza kuti mwana wina wa boma la Changara wapezeka ndi poliyo, matenda opuwalitsa miyendo aja amene ambiri tinkayesa kuti anapita ndi nthawi ya agogo. Dziko la Mozambique linali litatha zaka 30 osaona poliyo ya mtundu umenewo, kuyambira 1992. Pofika kumapeto kwa caka ana opuwala anakwana 8, onse a cigawo cathu cino ca Tete, ndipo ena mwa iwo anali a boma la Moatize. Miyezi itatu m'mbuyomo, mu Febuluwale, a Malawi anali atalengeza kale za kamtsikana ka zaka zitatu ka ku Lilongwe. Akatswiri atayeza kacirombo kameneka anapeza kuti mbewu yake ndi ya ku Pakistan.

Taganizani bwino pamenepa, inu owerenga. Kacirombo kocokera kutali conco kanafika mpaka m'midzi yathu, ndipo sikanaonetse pasipoti pa Zóbuè. Poliyo imatuluka m'cimbudzi ca munthu amene ali nayo, imalowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'cakudya kapena m'manja osasamba. Coopsa cake n'cakuti ambiri amene ali nayo sadwala n'komwe. Mwa anthu 200 amene atenga kacirombo, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amapuwala mpaka kalekale. Conco mukamva kuti ana 8 apuwala, dziwani kuti amene ananyamula kacirombo osadziwa anali mazanamazana. Mwana wooneka wathanzi, wosewera mpira wa mapepala pa msika, ndi amene amakapatsira mnzake amene miyendo idzalobodoka.

Mukukumbukira zimene zinatsatira. Anthu a katemera anayenda khomo ndi khomo ndi mabokosi ozizira, madontho awiri m'kamwa mwa mwana, inki pa kacala, coko pa citseko. Anabwera kamodzi, anabweranso, anabweranso. Makolo ambiri anatulutsa ana awo. Koma ena anatseka zitseko, ena anatumiza ana kudimba m'mamawa, ena anangoti “wanga analandira kale” pomwe kacala kali koyera. Funso limene ndikufuna tikambirane ndi ili: kodi amene anakana aja anali mu ufulu wawo, kapena anaba ufulu wa ena?

Tisanaweruze, tiyambe tamva kaye. Munthu wokana katemera si citsiru. Poliyo inatipeza tikadali ndi mabala a Covid-19. Boma linalengeza nthawi ya ngozi kuyambira pa 1 Epulo 2020, sukulu zinali zitatsekedwa, zathu za kwaca zomwe, misonkhano ndi mapemphero zinaletsedwa. Katemera anayamba pa 8 Malici 2021, nduna ya zaumoyo, a Armindo Tiago, ndiwo anayamba kubayitsa, ndi mankhwala a Sinopharm amene dziko la China linapereka okwana 200,000. Koma mphekesera zinali zitafika kale katemerayo asanatsike ndege. Ati ukabayitsa sudzabereka. Ati pakatha zaka ziwiri umwalira. Ati ndi cizindikiro ca 666. Mau amenewa sanabwere m'nyuzipepala ai, anabwera pa WhatsApp, mau ojambulidwa m'cinenero cathu, oti ngakhale amene sadziwa kuwerenga amamva bwinobwino. Pomwe uthenga wa boma nthawi zambiri unali pa cipepala ca Cipwitikizi cokhomedwa pa khoma la cipatala. Nanga pamenepo ungapambane ndi uti?

Tsidya la Malawi zinali cimodzimodzi. Pa 19 Meyi 2021 boma la kumeneko linaotcha... ai, tinene m'kalembedwe kathu, linatentha poyera katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 amene masiku ake anatha, kuti anthu aone ndi maso kuti sadzabayidwa wakutha nchito. Mankhwala amene maiko osauka ankalirira anathera pa moto, mbali ina cifukwa anafika atatsala ndi masiku ocepa, mbali ina cifukwa anthu sankabwera.

Zaka ziwiri zija zinadutsa kalekale. Amene anabayitsa tili nawo, akulima, akukwera shapa, ena abereka ana awiri. Koma palibe amene anajambula mau pa WhatsApp kupepesa.

Palinso cina cozama kuposa mphekesera, ndipo ife a ku Moatize timacidziwa bwino. Pakati pa 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 kuti ikumbe malasha, ambiri kupita ku Cateme, ena ku bairo ya 25 de Setembro. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji ya sitima za malasha podandaula za nyumba zong'aluka, minda yosabereka ndi malonjezo osakwaniritsidwa, ndipo apolisi anawabalalitsa ndi mphamvu. Munthu amene anaona zimenezi, kapena anazimva kwa m'bale wake, mukamuuza kuti “ici n'caulere, n'cokuthandizani”, amayamba wafunsa kuti phindu lapita kwa yani. Ndipo mayi amene anayenda mtunda wautali ndi mwana wa malungo, n'kubwezedwa kuti akagule yekha mankhwala, amadabwa kuona kuti madontho a poliyo okha ndiwo akumutsatira mpaka pakhomo, kangapo konse. Funso lake ndi lanzeru. Yankho lilipo, koma ndi angati amene anamuyankha?

Kukaikira kukapanda kuyankhidwa kumapha. Ku Nampula mu 2009 anthu odzipereka a Cruz Vermelha anaphedwa m'boma la Mogincual powaganizira kuti akufalitsa kolera, pomwe iwo ankathira mankhwala oyeretsa madzi. Paja m'Cipwitikizi mau a mankhwalawo ndi dzina la matendawo amamveka ngati apacibale. Mu Epulo 2024 bwato linamira likupita ku Ilha de Moçambique, anthu pafupifupi 100 anafa, ndipo akuluakulu a boma anati ankathawa cifukwa ca mphekesera za kolera. Za anamapopa a 2017 ku Mulanje ndi Phalombe sindicita kukukumbutsani.

Tsono ena amati: ngati anthu sakumva, boma liwakakamize basi. Maganizo amenewa anayesedwa, ndipo tinaona. Mu Epulo 2020 boma la Malawi linalamula kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21. Ocita malonda m'misika anakwiya, ndipo Khoti Lalikulu linaimitsa lamulolo pa 17 Epulo, tsiku limodzi lisanayambe kugwira nchito, nkhani yaikulu ili yakuti osauka adya ciyani. Ku Zimbabwe mu 2021 boma linauza anchito ake kuti wosabayitsa asabwere kunchito. A Malawi nawonso kumapeto kwa caka cimeneco analengeza zokakamiza magulu ena a anchito, pomwe bungwe la Malawi Human Rights Commission linkatsutsa zokakamiza anthu kubayitsa.

Koma ife sitifunika kupita kutali, tiyang'ane pa Zóbuè pomwepa. Nthawi ya Covid-19 woloka pa cipata ankafunika cikalata cosonyeza kuti wayezedwa ndipo alibe kacirombo. Oyendetsa magalimoto akuluakulu a pa mseu wa N7 ankayezetsa, cifukwa galimoto ya matayala ambirimbiri singadutse m'munda. Nanga mayi wogulitsa tomato ndi mbatata, amene mlongo wake ali ku Mwanza, munda wake uli mbali ino, maliro a apongozi ali tsidya? Anangosiya cipata n'kulowa njira zamadulira zimene makolo athu ankayenda malire asanajambulidwe, zomwe zija anthu anathawira nkhondo m'zaka za m'ma 1980, ndiponso mu 2015 ndi 2016 popita ku Kapise. Lamulo linagwira amene ankaoneka kale, linabisa amene tinkafuna kuwaona. Ndi mmene kukakamiza kumathera kuno kumalire: wokana sasintha maganizo, amangosintha njira. Ukatumiza wapolisi ndi bokosi la katemera, mawa mudzi wonse wa ana uli tsidya kwa azakhali.

Maganizo anga ndi awa, ndipo mukhoza kutsutsa. Munthu wamkulu amene wauzidwa zoona zonse, n'kunena kuti katemera wa Covid-19 sakumufuna m'thupi mwake, asagwidwe ndi cingwe. Tingamucenjeze, tingamukumbutse za agogo amene amadya nawo mbale imodzi, tingamupemphe kuti akadwala asapite pagulu. Amene amagwira nchito pakati pa odwala tingawafunse zambiri kuposa ena, pakuti wodwala sasankha namwino. Koma thupi ndi lake.

Nkhani ya mwana ndi ina. Bambo akatseka citseko n'kunena kuti “pakhomo pano ndine mwini, ndili ndi ufulu”, ufulu umene akunenawo akuulipira ndi miyendo imene si yake. Iye anakula, mwina analandira katemera ali khanda mayi ake atamubereka kumsana kupita naye kusikelo, lero akuyenda bwinobwino. Amene adzakwawe pa fumbi la Moatize moyo wake wonse sanafunsidwe. Poliyo ilibe mankhwala ocizira, mwendo ukapuwala wapuwala. Ndipo sizithera pa mwana wake yekha: khanda la oyandikana nawo la masabata awiri, limene silinamalize katemera, limamwa madzi a mjigo womwewo. Pano mau akuti “zanga n'zanga” sagwira, cifukwa cimbudzi ca mwana wako mvula ikagwa cimapita kwa onse.

Ndikudziwa kuti pali mipingo imene imaphunzitsa kuti kucipatala n'kusowa cikhulupiriro, monga ena mwa a Apositoli ndi a Ziyoni. Sindinyoza pemphero la munthu. Koma cikuku ca 2010 ku Malawi cinagwira anthu pafupifupi 134,000 ndi kupha oposa 300, ndipo cikuku sicifunsa kuti mwana amapemphera kuti. Timamvanso za amayi amene amapita mobisa kukabayitsa ana amuna awo ali kumunda, n'kusungitsa khadi kwa mnzawo. Kodi m'banja lotere ufulu tikuuteteza ndi wa ndani? Wa bambo, wa mayi, kapena wa mwana? Njira imene yaoneka kuti imathandiza si unyolo, ndi kukhala pansi ndi mtsogoleri wa mpingo, mfumu ndi mlembi wa bairo tsiku la katemera lisanafike, osati kuwadzidzimutsa m'mawa wake. N'zocedwa, n'zotopetsa, koma citseko cotsegulidwa ndi mwini sicitsekedwanso gulu likacoka.

Boma nalo lili ndi ngongole, ndipo ngongole yake ndi coonadi. Asamatiuze kuti katemera alibe vuto lililonse, cifukwa mwana akatentha thupi usiku mayi adzati anandinamiza. Anene poyera kuti kutentha thupi pang'ono ndi kuwawa pa malo obayidwa kumacitika ndipo kumatha. Anene kuti katemera wa AstraZeneca, mwa anthu ocepa kwambiri, anayambitsa vuto la kuundana kwa magazi, monga momwe akatswiri a ku Ulaya anatsimikizira mu Epulo 2021. Anenenso cinthu cimene ambiri amaopa kuchula: madontho a poliyo ali ndi kacirombo kofooketsedwa, ndipo kumalo kumene ana ambiri sanalandire, kacirombo kofooka kameneka kakayenda nthawi yaitali kucoka kwa mwana wina kupita kwa wina kakhoza kupezanso mphamvu n'kupuwalitsa. Zinacitikapo m'dziko muno, ku Zambézia ndi ku Nampula. Wina akamva izi adzati, mwaona, si ndinanena! Koma tamvetsani bwino: vutoli limabuka pamene olandira ali ocepa. Mudzi umene ana onse alandira, kacirombo kamasowa pokhala, kamafa. Wokana ndi amene amakapatsa malo.

Nalo funso la mayi uja, lakuti bwanji amabwerezabwereza. Madontho amagwira nchito m'matumbo. Mwana amene amatsegula m'mimba kawirikawiri kapena amene sadya mokwanira, madontho a ulendo umodzi sangamugwire mokwanira, n'cifukwa cake amafunika kangapo, ndipo kuonjezera sikumupweteka. Yankho lake ndi lalifupi conco. Munthu wa katemera akanakhala ndi mphindi ziwiri zolifotokoza m'Cinyanja kapena m'Cinyungwe pakhomo lililonse, zitseko zambiri zikanatseguka. Koma amapatsidwa nyumba zambirimbiri pa tsiku, dzuwa la ku Tete likumuwamba, ndipo ena amangophunzitsidwa kudontheza ndi kulemba nambala.

Mu Meyi 2024 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti mliri wa poliyo uja watha ku Malawi ndi ku Mozambique, ana oposa 50 miliyoni atalandira katemera m'maiko asanu: awiriwa, Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania. Koma ku Pakistan ndi ku Afghanistan kacirombo kakadalipo, ndipo mu Ogasiti 2020 tinauzidwanso kuti Afrika yathana nako, caka cotsatira kanabwerera. Magulu a khomo ndi khomo akapanda kuyenda, ana amadalira sikelo yokha basi.

Apa ndipo inu amene mwaphunzira kuwerenga muli ndi nchito. Tengani khadi la mwana, lanu kapena la mnansi amene sanayambe sukulu ya kwaca, muwerenge naye limodzi. Mbali ino ya malire madontho a poliyo amaperekedwa pobadwa, kenako pa miyezi 2, 3 ndi 4, ndipo wa cikuku pa miyezi 9 ndi 18. Ku Malawi amawerenga masabata, 6, 10 ndi 14, ndipo wa cikuku waciwiri ndi pa miyezi 15. Mabanja ambiri a ku Zóbuè amayamba sikelo mbali ina n'kupitiriza mbali inayo, ena ali ndi makhadi awiri, lina la Cipwitikizi lina la Cingerezi, ndipo pakati pa awiriwo mpamene katemera wina amaphonyeka, aliyense akuyesa kuti anapatsidwa tsidya. Pitani nawo onse awiri kwa namwino, afananitse masiku, alembe cimene catsala.